Denga la Superbird landidyera sabata yathunthu

Usiku wathawu cha m'ma 11 koloko ndinamatula mapepala amene ndinaphimbira thupi la Plymouth Superbird yanga ya 1:24 (kachifanizo kolumikiza wekha, kochepa ka 24 kuyerekeza ndi galimoto yeniyeni), ndipo denga lija latheka. Kachitatu, abale. Akunyumba anandipeza ndikuvina ndekha pabalaza, kagalimoto kapulasitiki kali m'manja. Anangopukusa mutu n'kubwerera kukagona.

Amene munamangapo Superbird mukudziwa kuti phiko lakumbuyo lija silivuta, ngakhale ndi limene mlendo aliyense amayamba kuloza. Mphuno inangofuna putty (phala lotsekera timipata) pang'ono ndi sandipepa ya 600. Chimene chandisowetsa tulo ndi denga la vinyl, pulasitiki yooneka ngati chikopa.

Dengalitu silinaikidwe kuti likongoletse. Mu 1970 NASCAR, bungwe loyendetsa mipikisano ya galimoto ku America, inalamula kuti galimoto yolowa mumpikisano izigulitsidwanso kwa anthu wamba, imodzi pa malo awiri aliwonse ogulitsira, ndiye Plymouth inayenera kupanga pafupifupi 1,900 mwachangu. Anatenga Road Runner, n'kuiika mphuno yosongoka ndi phiko, n'kusinthanso galasi lakumbuyo kuti mphepo izitsetsereka bwino. Mozungulira galasilo munatsala zipsera za kuwotcherera. Kusalaza galimoto iliyonse pamanja kukanadya nthawi ndi ndalama, basi anangovundikira zonse ndi vinyl yakuda. Zamumpikisano zinalibe zimenezi. Ndikanasankha nambala 43 ya Richard Petty, kapena 40 imene Pete Hamilton anapambanira mpikisano wa Daytona 500 chaka chomwecho, bwenzi nditamaliza kalekale. Koma ine makani, ndinafuna yapamsewu, yachikasu chija amati Lemon Twist.

Poyamba ndinatsata njira yopopera penti uli patali, kuti izifika itauma pang'ono n'kusiya timatuza. Ndi dzuwa la Okutobala kuno ku Lilongwe, pentiyo inaumiratu isanafike. Denga linakhala ngati ndalithira mchenga, fumbi lapabwalo n'kuwonjezera lake. Ndinapala.

Kachiwiri ndiye ndinalakwa ndekha. Penti yanga yakuda inatha, ndipo m'malo modikira ndinakagula kachitini kopopera magalimoto enieni m'sitolo ya zipangizo. Sindinayese kaye pa sipuni yapulasitiki monga ndimauzira ena. Pasanathe mphindi 5 denga linachita makwinya ngati khungu la nkhalamba. Penti yotere ndi yaukali, imadya pulasitiki ngati sunayale primer (penti yoyambirira yapansi) yokwanira. Thupi lonse, ndi chikasu chomwe chimene chinali chitakhala bwino, linagona masiku awiri m'mafuta a mabuleki m'chibekete cha majarini. Ndikutsuka ndi mswachi, kachipilala kagalasi lakutsogolo kanangoti thyo. Mafuta amenewa amafooketsa pulasitiki, ndipo ndinkadziwa. Ndinakalumikiza ndi guluu wa Tamiya Extra Thin, kawaya kowonda kali mkati, kenako n'kuyambiranso kupaka chikasu.

Chimene chagwira ntchito n'chinthu chimene ndinkachinyoza: tepi wamba yamapepala, ija opaka nyumba amagwiritsa ntchito. Zidutswa zitatu, chapakati chachikulu ndi ziwiri zam'mbali, zosanjikizana pang'onong'ono kuti pakhale misoko iwiri kuchoka kutsogolo mpaka kumbuyo ngati pa vinyl yeniyeni. Ndinaikanikiza ndi chotokosera m'mano mozungulira galasi, n'kudula ndi lumo latsopano. Penti yakuda yosawala kwambiri, katatu mopyapyala, 5 koloko m'mawa fumbi lisanadzuke. Ukayendetsa chala umamva timakwinya ta tepi, ndendende chikopa.

Penti yolondolayo anabwera nayo ndi alamu anga pabasi kuchokera ku Joni, ndipo ndi iwonso amandibweretsera mabokosi, amafika atapindika m'makona chifukwa chokhala pansi pa mabulangete. Kuno tigalimoto timangopezeka mwamwayi. Mwezi wathawu ndinatola Charger ya Hot Wheels pamulu wa zidole pakaunjika, tayala limodzi litapindika, ndipo mayi wogulitsa anandifunsa kuti mwana wanga ali ndi zaka zingati. Ndinaiika pafupi ndi Pontiac GTO ya 1964, yoyamba imene ndinamanga, ya magalasi achifunga chifukwa ndinamata ndi supaguluu. Sindiikonza. GTO yeniyeniyo ndiyo inatsegula njira ya galimoto zamphamvu zoterezi, pamene John DeLorean ndi anzake a ku Pontiac anazemba lamulo la General Motors loletsa injini zazikulu n'kulowetsa injini ya makyubiki inchi 389 mu Tempest ponena kuti n'chowonjezera chabe. Ankayembekeza kugulitsa 5,000, zinapita zoposa 32,000.

Injini ya Superbird sindinaikhudze. Ndikufuna injini ya 426 Hemi yokhala ndi mawaya onse a mapulagi, koma kuboola timabowo 8 pa kanthu kochepa ngati njere ya chimanga ndikuzengereza. Mutu uli kale kwina. Zamapikozi, ndi zinzake za Ford ndi Mercury zopanda mapiko, sizinakhalitse, pofika 1971 NASCAR inazipanikiza kuti injini isapose makyubiki inchi 305, ndiye n'zochepa moti munthu angathe kuzimanga zonse: Charger Daytona nambala 88 imene Buddy Baker anadutsira mamailo 200 pa ola ku Talladega mu Malichi 1970, Ford Torino Talladega, ndi Mercury Cyclone Spoiler II. Ndikuziona zitandandalikana pa chidutswa cha msewu wopendekeka, cha pulayiwudi. Poti chidzakhala pati, sindinawauze akunyumba, koma ndayeza kale pamwamba pa kabati yambale.