Zikomo amalume, zikomo amayi

Loweruka lapitali ndalandira satifiketi yanga ya uphunzitsi, ndili ndi zaka 34. Oyamba kuwathokoza ndi amalume anga.

Bambo atatisiya ndinalekeza sukulu ndili Fomu 2. Amalume, inu munkabwera madzulo ndi kawailesi kanu ka mabatire, tikumvera nyimbo za country pakhonde, ndipo tsiku lina munandifotokozera za Dolly Parton, woimba wa ku America. Munati anabadwa mu 1946 kumapiri a ku Tennessee, wachinayi mwa ana 12, m'kanyumba ka chipinda chimodzi. Bambo ake analibe ndalama yolipira dokotala amene anathandiza pa uchembere, ndiye anangopereka thumba la ufa wachimanga. Za ufazo zinandikhudza kwambiri, chifukwa ifenso tinali tikulipira ngongole ndi chimanga cha m'nkhokwe.

Koma pamene munkatsindika ndi pa Bill Owens, mlongo wa mayi ake. Ndiye ankayenda naye ali mwana mpaka anayamba kuimba pa wailesi ku Knoxville ali ndi zaka 10. Pa zaka 13 anaimba pa Grand Ole Opry, pulogalamu yotchuka ya nyimbo za country ya ku Nashville. Mu 1964, m'mawa mwake atangomaliza sekondale, anakwera basi ya ku Nashville, ndipo mu 1967 woimba wina, Porter Wagoner, anam'tenga kuti aziimba pa pulogalamu yake ya pa TV. Munamaliza ndi mawu akuti, "Nawenso malume uli naye." Patapita zaka munagulitsa mbuzi ziwiri kuti ndilembe mayeso a MSCE.

Amayi, ndikamva nyimbo ya Dolly ya mu 1971 yonena za chikhoti chimene mayi ake anam'sokera ndi tizidutswa ta nsalu, anzake n'kumamuseka kusukulu, ndimakumbuka siketi yanga ya yunifolomu imene munkaiika zigamba usiku pa koloboyi. Zikomo. Zikomonso bambo a kunyumba ndi amayi a kumpingo amene munkandisungira ana ndili ku koleji.

Bambo ake a Dolly sankadziwa kuwerenga, n'chifukwa chake mu 1995 Dolly anayamba kutumizira ana a kwawo mabuku aulere. Ine andipatsa Sitandade 1, kumene ana amayambira a, e, i, o, u.

Amalume, ndikudziwa kuti maso akuvuta masiku ano, uthengawu akuwerengerani adzukulu. Lamulungu ndikubwera ndi satifiketiyo kuti muigwire ndi manja anu, ndi mabatire atsopano a kawailesi kaja.