Lipoti la ulendo wathu wokaona matabuleti m'kalasi ku Dedza

Ife amene tili m'chaka choyamba cha maphunziro a uphunzitsi takhala tikumva za matabuleti, timakompyuta tam'manja tophunzirira ana, kuyambira tsiku limene tinalowa m'koleji, koma ambiri mwa ife tinali tisanaonepo mwana wa Sitandade 2 atagwira chipangizochi m'manja. N'chifukwa chake aphunzitsi athu awiri, wa Chichewa ndi wa masamu, anakonza zoti gulu lathu la anthu 38 likacheze pa sukulu ina ya pulayimale m'boma la Dedza tisanabalalike kupita ku maphunziro oyeserera. Pa ndondomeko ya IPTE, yomwe ndi ya maphunziro a uphunzitsi wa ku pulayimale ndipo imatenga zaka ziwiri, timakhala m'koleji matemu awiri, kenako matemu awiri timakaphunzitsa kusukulu, n'kubwereranso kudzamaliza matemu awiri otsala, kotero ulendowu unagwa pa nthawi imene aliyense anali ndi nkhawa ya kalasi imene akaipeze. Anzanga anandisankha kuti ndilembe lipoti, ndipo ndalemba monga ndinaonera ine.

Tinanyamuka kusanache Lachinayi lina m'mwezi wa Juni. Titadutsa pa Linthipe tinasiya msewu wa M1 n'kulowa msewu wafumbi wodutsa m'madimba a mbatata ya kachewere ndi kabichi, ndipo tinafika ana ali pamzere wa phala, manja atawabisa m'khwapa chifukwa cha chisanu chodziwika cha kumeneko. Mphunzitsi wamkulu anatilandira ngati anzake a ntchito, akutitchula kuti "aphunzitsi", zimene zinatisangalatsa kwambiri popeza ku koleji timazolowera kutchedwa ophunzira.

Asanatilowetse m'kalasi anatitengera ku chipinda chokhala ndi chitseko chachitsulo, kumene matabuleti amagona. M'katimo munali kabati yokhala ndi mawaya ambirimbiri, mabatire amene amadzazidwa ndi sola ya padenga, ndi mahedifoni opachikidwa pa misomali. Anatifotokozera kuti sukuluyi ili mu ndondomeko ya boma yotchedwa BEFIT, imene inayamba m'chaka cha 2023 mogwirizana ndi mabungwe a Imagine Worldwide, VSO ndi onebillion, ndipo cholinga chake n'chakuti ifike ku sukulu zonse za pulayimale za boma, kwa ana a Sitandade 1 mpaka Sitandade 4. Maphunziro amene ali m'matabuletiwo ndi a kuwerenga ndi masamu, ali m'Chichewa, ndipo safuna intaneti. Mfundo yomalizayi inatidabwitsa ambiri, chifukwa tinkaganiza kuti chilichonse cha makono chimadya bandulo. Aphunzitsi athu a masamu anawonjezera kuti ntchitoyi si yadzulo: inayesedwa koyamba m'chaka cha 2013 pa sukulu ya Biwi ku Lilongwe, ndipo m'chaka cha 2019 bungwe la onebillion linali limodzi mwa mabungwe awiri amene anapambana mpikisano wa dziko lonse wa mapulogalamu ophunzitsa ana wotchedwa Global Learning XPRIZE.

Zonsezi zinali zabwino kumva, koma chimene chinandikhala mumtima ndinachiona m'kalasi la Sitandade 2. Anatigawa m'magulu, ndipo ine ndi anzanga asanu ndi mmodzi tinalowa m'chipinda chimene munali ana oposa 100 atakhala pansi m'mizere, miyendo atatambasula. Ana akuluakulu a Sitandade 7 ndiwo ananyamula mabokosi a matabuleti kuchokera kosungira kuja. Madamu a kalasilo, mayi wa zaka za m'ma 50, sanakweze mawu ngakhale kamodzi. Anaomba m'manja katatu, ana anapukuta manja m'malaya awo, ndipo atsogoleri a mizere anabwera kudzatenga zipangizo za mzere wawo. Pasanathe mphindi zisanu phokoso lonse linazima. Ine ndinaphunzira pa sukulu yakumudzi, ndipo sindinaonepo kalasi la ana aang'ono ochuluka chotero litakhala chete mpaka kumamveka mbuzi zikulira kunja.

Ndinagwada pafupi ndi kamnyamata kena kuti ndione zimene kakuchita. Pa sikirini panaoneka mango asanu ndi atatu, ndipo mawu a m'mahedifoni anakauza kuti kachotsepo atatu. Kanakoka mango ndi chala limodzilimodzi, kakutulutsa lilime chifukwa cha chidwi, n'kuwerenga otsalawo, ndipo katakhoza kanamwetulira kokha popanda woyamikira. Mnzake wa pambali pake anali pa phunziro lina, la maphatikizo. Apa m'pamene ndinamvetsa ubwino weniweni wa chipangizochi: mwana aliyense amayenda pa liwiro lake, amayankha funso lililonse yekha, ndipo akalakwa amauzidwa pomwepo. Mphunzitsi mmodzi wokhala ndi choko sangathe kuchita zimenezi kwa ana 100, ngakhale atakhala waluso bwanji. Boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ophunzira 60, koma m'makalasi oyambirira a sukulu zambiri zakumudzi chiwerengerochi chimapitirira kutali.

Madamu aja sanakhale pampando. Ankayenda pakati pa mizere pang'onopang'ono, maso ali pa zala za ana, ndipo atafika kumbuyo anaima pa kamtsikana kena kovala juzi yaikulu kuposa thupi lake. Anandikodola kuti ndibwere. Kamtsikanako kanali pa ntchito yosankha liwu lolondola mwa mawu atatu, ndipo kankagunda loyamba, likakana kagunde lachiwiri, likakananso kagunde lachitatu, mpaka chipangizocho chivomere. Kankachita zimenezi mwachangu kwambiri moti munthu woonera patali akanati ndiye mwana wanzeru m'kalasi monse. Madamu anakavula mahedifoni mofatsa, naloza liwu lakuti "mano" pa sikirini n'kunena kuti, "Mwanawe, tandiwerengera ili mokweza." Kamtsikanako kanayang'ana pansi. Anakafunsa lembo loyamba, ndipo kanalitchula bwino. Anakafunsa liwu limene lembolo limapanga likakumana ndi "a", ndipo kanangoti duu.

Madamu anatulutsa m'thumba la diresi lawo zitsekerero za mabotolo zimene analembapo malembo ndi utoto wopaka zikhadabo. Anaika "m" ndi "a" motalikirana pa simenti, n'kumazikankha pang'onopang'ono kuti ziyandikane, uku akukoka mawu, mpaka zitsekererozo zinagundana ndipo mwanayo ananong'ona kuti "ma". Anachitanso chimodzimodzi ndi "n" ndi "o". Ntchito yonseyi sinapitirire mphindi zinayi. Atamubwezera mahedifoni anandiuza motsitsa mawu kuti, "Aphunzitsi, tabuleti imamva chala, siimva pakamwa. Mwana wotere mukamusiya afika Sitandade 4 akungogunda." Kenako analemba dzina la mwanayo m'kope laling'ono limene munali kale mayina ena, ndipo anati amenewo ndi amene amatsala nawo pansi pa mtengo anzawo akaweruka.

Ku koleji timaphunzira za TALULAR, kutanthauza kuphunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka m'dera lathu, ndipo ndivomereze kuti ena mwa ife tinayamba kuiona ngati nkhani yachikale imene makina adzaithetsa. Kuona zitsekerero za mabotolo zikugwira ntchito pambali pa tabuleti, pa mwana mmodzi yemweyo ndiponso pa liwu limodzi lomwelo, kunandisintha maganizo kuposa mmene buku lililonse likanachitira.

Masana tinakhala pansi m'kalasi lina pamodzi ndi aphunzitsi a pasukulupo, a PEA (alangizi a maphunziro a pulayimale) a zoni imeneyo amene anabwera pa njinga yamoto kuchokera ku TDC, likulu la aphunzitsi a m'zoniyo, ndi amayi awiri a komiti ya sukulu. Mnzathu wina anafunsa mosabisa ngati boma silidzasiya kulemba aphunzitsi ntchito poona kuti makina akuphunzitsa okha. Funsoli linali m'mitima ya ambiri, pakuti tonse tikudziwa anzathu amene anamaliza IPTE n'kukhala pakhomo nthawi yaitali akudikira kulembedwa ntchito. Amene anayankha anali bambo wina wachikulire wotsala pang'ono kupuma pa ntchito. Iye anati analowa uphunzitsi m'chaka cha 1994, pamene boma la Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale ndipo ana anakhamukira kusukulu, chiwerengero chawo n'kukwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Anatiuza kuti iye anali m'gulu la achinyamata amene anapatsidwa choko atangophunzitsidwa masabata ochepa, ndipo luso lenileni anadzalipeza pambuyo pake. Anakumbutsanso za pulogalamu ya pa wayilesi ya Tikwere, imene inkaulutsidwa pa MBC, ndipo anati m'kalasi limene mphunzitsi ankaimba ndi kuyankha pamodzi ndi wayilesiyo ana ankapindula, pamene m'kalasi limene mphunzitsi ankangoyatsa wayilesi n'kutuluka kukawothera dzuwa ana ankangosewera. Malinga ndi iye, matabuleti awonjezera ntchito ya mphunzitsi, chifukwa tsopano ayenera kudziwa zimene mwana wachita pa sikirini kuti azilumikize ndi phunziro la pa bolodi.

A PEA anatchula mavuto amene sitikanawaona pa ulendo wa tsiku limodzi. M'nyengo ya mvula ndiponso m'masiku a chiperoni dzuwa limachepa ndipo mabatire sadzaza bwino, kotero makalasi ena amadumphidwa. Mahedifoni amaduka mawaya msanga chifukwa ana amawakoka ndi kuwaluma. Nthawi ya matabuleti iyenera kulowa m'ndandanda wa maphunziro popanda kudya nthawi ya phunziro la kuwerenga la tsiku ndi tsiku, limene lakhala likutsatira ndondomeko ya boma yophunzitsa kuwerenga ya National Reading Programme kuyambira m'chaka cha 2016. Mmodzi mwa amayi a komiti anati makolo amasonkha kandalama kolipira mlonda wa usiku, chifukwa sola ndi mabatire zimakopa akuba, ndipo anawonjezera kuti ana amene kale ankajomba pa tsiku la msika tsopano amalimbikira kubwera kuopa kuphonya nthawi yawo. Ndinalemba mawu akewo chifukwa anandionetsa kuti mphunzitsi watsopano ayenera kudziwa kukhala bwino ndi mudzi, popeza chitetezo cha zipangizozi chili m'manja mwa anthu a m'mudzimo.

Tsopano ndinene za ife eni. Phunziro la kompyuta limene timalandira ndi lofunika, koma nthawi zambiri limathera pa kutayipa, kusunga mafayilo ndi kukonza tebulo la malikisi, ndipo pa kompyuta imodzi timaunjikana anthu anayi kapena asanu, wina akugwira mausi enawo akungoonerera. Zimene tinaona ku Dedza zimafuna maluso ena. Zimafuna kudziwa kugawa ndi kutolera zipangizo 100 popanda chipwirikiti, kuzindikira mwana amene akungogunda, kudziwa chochita pamene matabuleti khumi azima pakati pa phunziro, ndiponso kulemba chikonzekero cha phunziro chimene chikutenga zimene ana aona pa sikirini n'kuzibweretsa m'makope awo. Palibe mmodzi wa ife amene anayeserapo zimenezi, komabe m'masabata ochepa ena a ife adzaima okha patsogolo pa kalasi lotere. Ambiri tili ndi mafoni ndipo timatumizirana manotsi pa WhatsApp, koma kudziwa kugwiritsa ntchito foni yako n'kosiyana ndi kudziwa kutsogolera ana a zaka zisanu ndi ziwiri pa chipangizo.

Pali chinanso chimene sindingachisiye. Ambiri a m'gulu lathu tinali ku sekondale pamene sukulu zinatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha COVID-19, ndipo tikukumbuka bwino kuti maphunziro a pa intaneti anafikira okhawo amene anali ndi foni yabwino, magetsi ndi ndalama ya bandulo, pamene enafe tinakhala miyezi yambiri tikulima ndi kugulitsa pamsika. Chimene chinandikhudza pa sukulu ija n'chakuti chipangizo chinali m'manja mwa mwana aliyense, wovala nsapato ndi wopanda nsapato yemwe. Koma si sukulu zonse zimene zalandira kale, ndipo ena a ife adzatumizidwa kumene kulibe sola, kulibe tabuleti, mwinanso mabuku ndi ochepa. Maphunziro athu ayenera kutikonzekeretsa makalasi a mitundu iwiri yonseyi, chifukwa sitisankha tokha kumene tikagwire ntchito.

Tisanakwere basi, madamu aja anatilola kugwira matabuleti ndi kuyesa maphunziro ake. Mnzanga wina amene amadziwika ndi luso la masamu anavutika kupeza pokwezera mawu, ndipo anathandizidwa ndi mwana wa Sitandade 3 amene anali atatsalira kudikira mkulu wake. Tinatsanzikana dzuwa litapendeka, amayi a komiti atatipatsa thumba la mbatata kuti tikagawane.

M'basi pobwerera tinakambirana mpaka mdima, ndipo tinagwirizana zinthu zimene tikapemphe. Tinalemba kalata yopempha akuluakulu a koleji kuti apeze matabuleti ochepa, ngakhale khumi okha, oti tiziyeserera nawo pa maphunziro athu a kaphunzitsidwe, ndiponso kuti aitane mphunzitsi wa pulayimale amene amawagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku adzatiphunzitse kwa tsiku lathunthu. Tinagwirizananso kuti amene adzatumizidwe ku sukulu za matabuleti azidzalemba zimene akukumana nazo sabata iliyonse pa gulu lathu la WhatsApp, kuti amene ali ku sukulu zopanda zipangizo asatsalire. Kalatayo tinaipereka Lolemba lotsatira ndipo tikudikira yankho. Ine ndayamba kutolera zitsekerero za mabotolo ku kantini, ndipo pofika pano ndalemba malembo pa zitsekerero 64 zoti ndikapite nazo ku maphunziro oyeserera.