Lachitatu la achemwali

Tulo takana, ndiye ndingolemba. Achemwali anandiimbira madzulo ali ndi nkhawa, akuti tikiti yawo yalakwika. Adzanyamuka ku Sydney Lolemba m'mawa, koma tikitiyo ikuti adzatera ku Los Angeles Lolemba lomwelo, nthawi imene ananyamukira isanakwane n'komwe.

"Iwe, tandiuza, ndikafika bwanji ndisananyamuke?"

Ndinawauza kuti mtima m'malo, palibe chalakwika. Mtunda wake ndi makilomita pafupifupi 12,000, ndipo ndege imakhala m'mwamba maola 13 kapena 14. Kungoti nthawi ya ku Sydney ili patsogolo ndi maola 17 mpaka 19, malinga ndi nyengo ya pachaka, komanso pakati pa nyanja ya Pacific pali mzere umene tsiku limasinthira, International Date Line. Ukaudutsa kulowera kum'mawa, kalendala imabwerera m'mbuyo tsiku limodzi. Anaseka, n'kunena kuti ndiye kuti apatsidwa Lolemba laulere.

Kenako anafunsa za ulendo wobwerera, chifukwa pamenepo tikiti ikusonyeza maola pafupifupi 15. Makilomita omwewo, nyanja yomweyo. Ndinawafotokozera kuti kumwamba kumene ndege zimadutsa kuli mphepo yamphamvu imene imawomba kuchokera kumadzulo kupita kum'mawa. Popita imaikankha ndege, pobwera ndege imalimbana nayo. Ndinalankhula zambiri, moti sindinazindikire kuti iwo angoti zii.

"Achemwali, mukundimva?"

"Ndikuona masikuwa. Ndidzanyamuka Lachiwiri usiku, kudzatera Lachinayi m'mawa. Nanga Lachitatu?"

Mtima unangoti phwii. Lachitatu limenelo ndi tsiku limene amayi anatisiya. Chaka chilichonse pa tsikuli timaimbirana foni, nthawi zina osanena zambiri, kungomvana mawu basi. Iwo sanazione pogula tikiti, inenso sindinazione ngakhale ananditumizira chithunzi chake kawiri.

Ndinayesa kuwatonthoza. Ndinati tsikulo silidzasoweratu ayi: pakati pa usiku padzawapeza ali m'mwamba, ndipo adzakhala nalo Lachitatu kwa maola ochepa asanadutse mzere uja. Ndi zoona ndithu. Koma maola ake ndi a mumdima, atamanga lamba pampando, pakati pa anthu osawadziwa, pawindo pasakuoneka kanthu. Anangoyankha kuti chabwino, tiona, n'kudula foni.

Chikundiwawa n'chakuti ndinathamangira manambala pamene iwo ankafuna china. Ndakhala ndikuyang'ana mapu mufoni, chala chikutsata mzere wokhotakhota uja pamene ukulambalala zilumba kuti dziko limodzi lisakhale ndi masiku awiri. Anthu anaganizira zilumba. Munthu wodutsa usiku ndi tsiku lake mumtima, iyayi.

Mwina mawa ndiwafunse ngati tikitiyo ingasinthidwe. Kapena tidzaimbirane ali pabwalo la ndege Lachiwiri, asanakwere, kaya zidzafanana kaya...