Chivindikiro cha pampu ya sola: pulasitiki ya ABS ya 3 mm yagwira

Chivindikiro chimene ndakhala ndikuumba mwa njira ya vacuum forming (kufewetsa pulasitiki ndi moto n'kuikokera pa chikombole pochotsa mpweya) chatuluka chopanda mng'alu, anzanga. Ndachiponda pakona ndi chidendene, sichinasweke. Ndi cha kabokosi ka controller (kachipangizo koyendetsa pampu) wa pampu ya sola ya kudimba: masentimita 20 m'litali, 15 m'lifupi, 8 kuya. N'chaching'ono, koma makona ake ndi amene andisowetsa tulo mwezi uno.

Ndinayamba ndi pulasitiki ya mtundu wa HIPS ya 2 mm, popeza ndi yotchipa, imafewa msanga ndipo sifuna kuiumitsa kaye. Chikombole chinali chadzenje, cha thabwa la MDF, kuti kunja kutuluke kosalala. Koma pulasitiki ikangokhudza chikombole imazizira n'kuleka kutanuka, ndiye makona apansi, amene imafikako pomaliza, amalandira zotsala. Werengerani nokha. Pakamwa pa dzenje ndi 300 cm², pamene pansi pamodzi ndi makoma anayi ndi 860 cm². Pulasitiki yomweyo ikuyenera kuphimba malo ochuluka pafupifupi katatu, choncho 2 mm imatsika kufika 0.7 mm. Komatu siitsika mofanana paliponse. Pakona vernier (chida choyezera kuchindikala) imaonetsa 0.3 mm, moti kuwala kwa tochi kumadutsa ngati papepala. Ndinawonjezera moto, pulasitiki inalendewera n'kubooka. Ndinatsegula valavu ya vacuum pang'onopang'ono, zinasintha pang'ono chabe. Ndinaboola timabowo tina totulutsira mpweya ta 1 mm m'makona, kona n'kutuluka yakuthwa bwino koma yopyapyala kuposa kale.

Chimene chathandiza n'kusema chikombole chotumphuka. Apa pamwamba ndi pamene pamakhudza poyamba, ndiye pamakhala pochindikala, komanso makoma amakoka pulasitiki ina kuchokera m'mbali. Makona ndawazungulitsa, makoma ndawapendeketsa madigiri 5 kuti chivuke mosavuta, chifukwa pulasitiki ikamazizira imafupika n'kukumbatira chikombole. Makwinya amene anayamba kutsika m'makona ndawathetsa poika timitengo tating'ono pafupi ndi kona iliyonse kuti tidye pulasitiki yotsala.

Ndasinthanso kupita ku ABS ya 3 mm. Imapirira kumenyedwa kuposa HIPS, koma imamwa chinyezi. Mukaiotcha osaiumitsa imatuluka timatuza paliponse. Ndimaisiya mu uvuni pa madigiri 80 kwa maola angapo, kenaka n'kuikwezera pakati pa 160 ndi 170 kuti ifewe. Magetsi akathima pakati pa ntchitoyi, mawa lake ndimayambiranso kuumitsa.

Pa ndalama, musamangoyang'ana mtengo wa pepala lonse la pulasitiki. Pepala la 1220 ndi 2440 mm limandipatsa zidutswa 18 za masentimita 40 mbali zonse, ndipo pa chidutswa chilichonse gawo lalikulu ndimalidula n'kutaya. Kuchoka pa 2 mm kupita pa 3 mm ndiye kuti pulasitiki yawonjezereka ndi theka, mtengo nawonso umatsata. Pulasitiki ina, PETG, ndinaiganizira chifukwa imaumbika bwino osaiumitsa, koma imalemera magalamu 1.27 pa cm³ pamene ABS ili cha pa 1.05. Acrylic ndiye ayi, imasweka mukangoiboola mosasamala. Ine ndikuona kuti ABS yodula imene ikukhalitsa iposa HIPS imene ndizisintha dzinja lililonse.

Zidutswa zoyesera ndimagula kwa achimwene ena opanga zikwangwani ku Limbe. Amandisungira zotsala, ndipo amadziwa kusiyanitsa ABS ndi HIPS pongoipinda. Ndiwonso anandiuza kuti m'kati mwa mafiriji ambiri ndi pulasitiki youmbidwa mwa njira yomweyi. Firiji yakufa imene ndinachotsamo kompresa ya vacuum yanga inandipatsanso tizidutswa tomwe ndinaumbira mathireyi a mbande chaka chatha. Kompresa ija payokha imakoka mochedwa, koma ndi thanki pakati pa iyo ndi chikombole mpweya umachoka kamodzi n'kamodzi.

Vuto limene latsala ndi dzuwa. ABS ikakhala panja imasanduka yachikasu n'kuyamba kufumbutuka, ndiye pakali pano ndaipaka penti yoyera. Ndikufunafuna ABS yokutidwa ndi ASA (pulasitiki yopirira dzuwa) pamwamba, mwina kudzera kwa oitanitsa katundu ku Joni. Ikapezeka ndikulitsa uvuni ndi felemu yogwira pulasitiki, ndiyambe zotchingira za m'mbali za njinga zamoto za kabaza. Amene munaumbapo chinthu chakuya kupitirira masentimita 15, kodi munagwiritsa ntchito plug (chokankhira pulasitiki yofewa m'chikombole) kapena munaifufumitsa kaye ndi mpweya?