Kuugwira Mtima Poyang'anira Antchito

Ndakhala ndikuyang'anira antchito pa sitolo ina ya zipangizo zomangira ku Kamwala, mumzinda wa Lusaka, kwa zaka zingapo, ndipo chimene chandivuta kwambiri si kuwerengera katundu ayi, koma kuugwira mtima. Tsiku lina mayi ena a ku Chawama ogwira ntchito pa sitoloyi anafika mochedwa, maso ali psuu, ndipo ine ndinawakalipira pamaso pa anzawo osafunsa kanthu. Madzulo ndinamva kuti anachezera kuchipatala ndi mwana wodwala malungo. Ndinagwidwa ndi manyazi aakulu.

Mu 1990, akatswiri a za maganizo Peter Salovey ndi John Mayer anafotokoza kuti kuzindikira zimene ukumva mumtima, kumvetsa zimene anzako akumva, ndiponso kugwiritsa ntchito zimenezi posankha chochita ndi mtundu wa nzeru. Ine ndikukhulupirira kuti nzeru imeneyi imaphunziridwa, ngakhale kuti pang'onopang'ono.

Masiku ano mkwiyo ukayamba ndimaudziwa msanga, chifukwa manja amatentha ndipo mawu amathamanga. Ndimayamba ndakhala chete, kenako ndimaitanira pambali mayi amene achedwawo n'kuwafunsa kuti, "Amayi, kodi kunyumba kwacha bwanji?" Za kuchedwa timakambirana pambuyo pake, ndipo amamvetsera popanda mantha.