Tsiku limene apongozi anadziona ali pagolo

Popeza mlamu wanga wayamba kale kuimwaza nkhaniyi pa WhatsApp, uku akuthira mchere wakewake, ndati ndiikambe ndekha. Zigoli zinali 9, osati 15. Ndipo sindinalire. M'khitchini munkadulidwa anyezi.

Amene munagwirapo padi ya PES, gemu ya mpira wamiyendo yosewera pa TV, mundimvetsa msanga. Gemu imeneyi mpira wake ndi wokoma. Umalemera ngati mpira weniweni, ukapatsira mnzako umamva kuti wachoka kuphazi, ndipo chigoli ukachipeza umadziwa kuti wachikhetsera thukuta. Koma maina, abale! Kuyambira nthawi ya PlayStation 2, pamene tinkadya ndalama ya chigayo kumashopu kuti tisewere mphindi khumi, Manchester United inali Man Red, Chelsea inali London FC, Liverpool inali Merseyside Red. Mu PES 2021, imene ndili nayo pa PS4 yanga ya kaunjika, Manchester City ikutchedwa Manchester B. Ndiponso PES 2021 ndi PES 2020 yomwe ija itangosintha malaya, eni ake anachita kuvomera okha polemba Season Update pachikuto. Peter Drury, woulutsa mpira mugemumo, amakuwa bwino, koma pakatha sabata mawu ake onse umakhala utawaloweza ngati katekisimu. Ndiye munthu wa PES amaphunzira Edit Mode asanaphunzire kumenya kona. Umakonza dzina limodzi, kenako jezi, kenako umangoona kuti Satana wakoka mpando wakhala pambali pako.

Ine ndinalowamo ndi mtima woyera. Mu Januwale 2022, Flames itathambitsa Zimbabwe 2-1 ku Cameroon, Gabadinho Mhango atamwetsa zonse ziwiri, ife Manyasarandi, Amalawi a ku Mufakose kuno ku Harare, tinakwera kombi sabata yathunthu tikumwetulira chamumtima. Ndinafuna kusewera ndi Flames kunyumba, koma mugemumo mulibe. Ndinayamba kuipanga ndekha. Nditafika pa wosewera wachinayi ndinatopa ndi kukonza mphuno za anthu ena, ndiye ndinadziikamo ine. Nambala 9. Luso mugemuyi limayambira pa 40 kukafika pa 99, ndipo ndinadzipatsa 99 paliponse. Ndinadzipatsanso tsitsi, limene kunja kuno linanditsanzika kalekale.

Tsono timu imafuna mdani. Apa ndi pamene panabadwa Akuchikazi FC.

Mlamu ndinamuika kumbuyo chakumanzere, kumene ndimakonda kudutsa. Amalume awo a mayi a kunyumba, pakati. Pagolo ndinaikapo apongozi aamuna. Awa ndi bambo amene tsiku lina kumunda ku Dedza, anthu ali gwa, ananena kuti mkamwini wawo amagwira khasu ngati bolopeni. Sindinasunge chakukhosi ayi, ine ndi Mkhristu. Ndinangowapatsa 40 paliponse, msinkhu ndinatsitsa mpaka gemu inakana yokha, thupi ndinalikuza, ndevu zoyera, jezi ya pinki, kumsana zilembo zazikulu: APONGOZI. Tsiku likandivuta kuntchito ndinkabwera kudzawamwetsa zisanu n'kukagona bwinobwino. Ena amapita kumowa. Ndani wabwino pamenepa?

Mwezi wathawu apongoziwo anabwera kudzaona adzukulu, pa basi ya ku Blantyre yodzera ku Mwanza, Tete ndi Nyamapanda. Anabwera ndi ufa, nyemba ndi magalasi atsopano. Magalasiwo muwakumbukire.

Loweruka ndinapita ku Mbare Musika kukagula nkhuku ya mlendo. Pobwera, ndili pageti, ndinamva Peter Drury akukuwa m'nyumba mwanga. Mwendo umodzi unafuna kubwerera ku Mbare. Ndinalowa. Kamnyamata kanga ka zaka zisanu ndi zinayi kali pansi ndi padi, apongozi ali pasofa, ndodo pakati pa miyendo, magalasi ali pamphuno, nkhope pafupi ndi TV. Pamwamba pakona palembedwa 6-0.

Ndinagwada pakhomo monga mkamwini wolangizidwa, nkhuku yamoyo ili kukhwapa. Ndisanatsegule pakamwa kuti ndipereke moni, ine wa pa TV ndinalandira mpira.

Chigoli chachisanu ndi chiwiri chimenechi ndidzachikumbukira ndili m'bokosi. Ine wa tsitsi uja ndinadutsa mlamu ngati chitsa. Ndinamenya kampira kofooka, koti ngakhale nkhuku inali kukhwapa kwangayi ikanakaimitsa ndi phiko. Kampirako kanagubuduka pang'onopang'ono ngati kakupita kumaliro. Apongozi a pinki anakayang'ana. Anaganiza. Anagwedeza timanja tawo. Kampira kanadutsa pakati pa miyendo, kanalowa, kanakhala pansi muukonde, kanapuma. Pamenepo ndi pamene goloboyi anadumpha. Kumanzere. Ndi mphamvu zake zonse, ngati munthu wothawa ng'ona. Anagwa chamimba, anakhala kaye pompo, kenako anamenya udzu ndi chibakera. Kamera inawayandikira mpaka ndevu zinadzaza TV yonse, n'kutembenuka kuonetsa kumsana, kuti aliyense amene anali ndi chikayiko awerenge bwino.

Ndiye gemu imeneyi, imene imalephera kulemba dzina la Manchester City, pa riplei ndiye katswiri. Inabwereza cham'mbali. Inabwereza chakumbuyo kwa golo. Mwana wanga, magazi angaanga, analowa kumene umayendetsa kamera wekha, anaimitsa chithunzi apongozi ali m'malere, n'kuyamba kuwazungulira pang'onopang'ono ngati akugulitsa galimoto.

“Agogo, onani. Apa ndi pamene mwadumpha. Mpira uli uku.”

Inu mukudziwa mmene magetsi amachitira kuno. Amathawa m'bandakucha, amabwera anthu atagona. Nsima timaphika pa gasi, mpira weniweni timaumvera kwa aneba a sola. Ndinapemphera ndili chogwada kuti azime. Sindinapemphereko choncho chibadwire. Tsiku limenelo anayaka ngati kunyumba ya boma. Ngakhale babu silinaphethire.

Ndinayesa kulankhula. Ndinati, “Bambo, ndi vuto la gemu imeneyi. Magoloboyi ake onse ndi otero, ngakhale abwino amalavulira mpira kumapazi a mdani.” Zimenezi ndi zoona, funsani aliyense wa PES, ndipo ndikanapulumuka nazo pakanapanda mboni.

“Ayi adadi, munawapatsa 40.” Ndipo kanatsegula tsamba la manambala. Kugwira mpira 40. Kudumpha 40. Liwiro 40. Kanawerenga mokweza, mzere ndi mzere, ndi mawu abwino amene ndimawalipirira fizi.

Apongozi anavula magalasi, anawapukuta ndi mpango, anavalanso. M'nyumba munali zii, kupatula nyimbo ya gemu ndi nkhuku imene inasankha nthawi imeneyo kundinyera pa buluku. Anayang'ana TV nthawi yaitali. Ine ndinali nditayamba kale kuwerengera mumtima mtengo wa mbuzi ya chipepeso, ndi ankhoswe amene ndiwaimbire foni.

“Nanga uyu akuvinayu ndani?”

Pa TV ine ndinali pakona, ndikuvina, tsitsi likugwedezeka.

“Ndi adadi.”

Anandiyang'ana pamutu. Anayang'ana TV. Anandiyang'ananso pamutu, pomwe babu losazima lija linkawalira.

“Akamwini, ine mwandifupikitsa, palibe kanthu, ukalamba umafupikitsa. Mimba mwandipatsa, zikomo, sindinakhalepo nayo. Koma inuyo tsitsi limeneli munalitenga kuti?”

Anaseka. Anaseka mpaka chifuwa, mpaka ndodo inagwa, mpaka mayi a kunyumba anatuluka m'khitchini ndi mpeni wa anyezi kudzaona ngati bambo awo akomoka. Ataona jezi ya pinki sanaseke. Anafunsa funso limodzi lokha, ngati nawonso alimo. Ndinati ayi, gemuyi ilibe osewera aakazi, chomwenso ndi chofooka chake china chachikulu, ndipo ndinali wokonzeka kuchifotokoza mwatsatanetsatane.

“Amami ndi kochi,” kanatero kamwana kaja, katamwetsa kale zina ziwiri ife tikukambirana.

Nkhuku ija inaphikidwa. Apongozi analandira nthutumba ndi ntchafu monga mwa mwambo, ine zipalapasiro ndi khosi. Titadya anandiitana pasofa kuti tikonze zinthu. Msinkhu anafuna wa pa unyamata wawo, jezi yakuda, ndevu zichepe. Ndinawapatsa 85. Anafunsa kuti nambala yomaliza ndi iti. Ndinati 99. Anangondiyang'ana, ndinakweza. Anati ine ndikhale ndi dazi ngati mmene Mulungu anafunira, ndipo ndinadzimeta ndekha ndi padi, mwana akuombera m'manja. Tinatha ola lathunthu, chifukwa mamenyu a gemu imeneyi amayenda ngati mzere wa kubanki, ndipo apongozi ankafuna kuona mtundu uliwonse wa magolovesi.

Nditangotsala pang'ono kuseva, magetsi anazima.

M'mawa mwake tinayambiranso. Pano anabwerera ku Dedza, koma akaimba foni, asanafunse za adzukulu, amafunsa kuti agwira ingati sabata ino. Sindinawamwetseko chiyambire, munthu wa 99 sadutsika, ndipo gemu yayamba kundinyansa. Mlamu yekha ndinamusiya pa 40, n'chifukwa chake akulalata pa WhatsApp. Padi yachiwiri kochi anaibisa, ndafufuza mpaka m'thumba la ufa. Amene akugulitsa yotchipa andiuze, ngakhale ya batani limodzi lolimba.