Sabata ya Pasaka pa shopu ya matayala, Viñales atalandidwa malo achiwiri

Sabata ya Pasaka pa shopu yathu imakhala ya masiku anayi okha, koma thukuta lake ndi la mwezi. Kuno ku Johannesburg aliyense amene ali ndi njinga yamoto yaikulu amafuna kutsetsereka ku Durban pa msewu wa N3, kapena kukazungulira mapiri a ku Mpumalanga, Lachisanu Loyera likangocha, ndipo onsewo amakumbukira matayala nthawi imodzi. Ntchito yanga ndi yomweyo: kumasula wilo, kuchotsa tayala lakutha pa rimu, kulowetsa latsopano, kulibalansa, kupopa, kuyeza ndi geji. Chaka chino cha 2025 sabatayi yagwa titangoonera mpikisano wa ku Qatar wa MotoGP, gulu lalikulu kwambiri la mipikisano ya njinga zamoto padziko lonse, umene unachitika usiku wa Lamlungu pa 13 Epulo, moti manja anali pa ntchito, pakamwa pali pa mkangano.

Lolemba abwana analowa nkhope ili gwa. Iwo KTM, kampani yopanga njinga zamoto, ili m'magazi chifukwa cha Brad Binder, mwana wa ku Potchefstroom amene mu 2020 ku Brno anapatsa KTM chipambano chake choyamba mu MotoGP, n'kukhalanso munthu woyamba wa ku South Africa kupambana m'gulu lalikululi. Chigwereni kampaniyo m'ngongole kumapeto kwa 2024, okonda KTM akhala akuyenda chozolika. Ndiye Lamlungu Maverick Viñales, pa KTM ya timu ya Tech3, anatsogolera mpikisano kwa kanthawi pa bwalo la Lusail, n'kumaliza wachiwiri kumbuyo kwa Marc Márquez. Pa nsanja anakwera, zithunzi zinajambulidwa. Kenako oweruza anamuwonjezera masekondi 16, iye n'kutsika mpaka pa nambala 14. Francesco Bagnaia anakhala wachiwiri, Franco Morbidelli wachitatu. Mlandu wake unali woti mpweya wa tayala lakutsogolo unachepa.

"Uku ndi kuba dzuwa likuswa mtengo," anatero abwana. "Iwe ndiwe wa matayala, tandiuza. Munthu wathamanga ndi manja ake, aluze chifukwa cha geji?"

"Bwana, gejiyo sinaname," ndinatero. "Amene anapopa tayalalo ndi amene analota zosachitika."

Lamulo lake lili motere. Matayala onse a MotoGP ndi a Michelin kuyambira 2016. Kulanga anthu pa nkhani ya mpweya kunayamba pakati pa 2023, ndipo kuyambira 2024 tayala lakutsogolo liyenera kukhala ndi mpweya wa 1.80 bar (bar ndi muyeso wa pa geji) kapena kuposa pa maulendo osachepera 60 peresenti ozungulira bwalo pa mpikisano waukulu wa Lamlungu. Pa waufupi wa Loweruka ndi 30 peresenti. Wolephera amamuwonjezera masekondi 16 Lamlungu, 8 Loweruka. M'wilo muli kachipangizo kamene kamatumiza manambala kwa oweruza, moti palibe kukana.

Chimene anthu ambiri oonera sachidziwa ndi chakuti wokwera alibe njira yosinthira mpweya mpikisano ukayamba. Amapopa ndi a kugalaja, njinga isanatuluke. Koma mpweya wa m'tayala sukhala malo amodzi, umakwera tayala likamatentha. Ukakhala pakati pa gulu, kutsogolo kwako kuli njinga ziwiri zitatu zikulavula moto wa injini ndi wa mabuleki, tayala lako lakutsogolo limapsa, mpweya n'kupitirira 2 bar. Zikatero tayala limatukumuka, kachigawo kogunda phula kamachepa, ndipo ukafinya buleki polowa pakona wilo imaterera. Ukakhala wekha patsogolo mphepo yozizira imaomba tayala, mpweya sukwera. Ndiye makaniko wa timu ayenera kulosera mpikisano usanayambe kuti mnyamata wake akhala m'gulu kapena patsogolo, ngati mlimi wobzala ndi mvula yoyamba. Akapopa wambiri mnyamatayo n'kukakhala m'gulu, njinga siima. Akapopa wochepa mnyamatayo n'kutsogola, chilango. Viñales m'mipikisano itatu yoyamba ya chaka chino anali kuvutika kumbuyo, ndiye ndani akanaganiza kuti ku Qatar akakhala patsogolo mphepo ikumuomba yekha? Anamulanga chifukwa anathamanga kuposa mmene timu yake inayembekezera. Apa ndinagwirizana ndi abwana kuti zimapweteka. Koma zoti lamulolo alichotse, ndinakana.

Chifukwa chake chinabwera chokha Lachiwiri, pa kanjinga ka 125. Anyamata onyamula zakudya m'tauni muno ambiri ndi akwathu, ena a ku Zimbabwe, ena a ku Mozambique, ndipo amabwera kwa ine chifukwa timamvana chilankhulo. Uyu anali wa ku Mangochi. Tayala lake lakumbuyo linali litang'ambika m'mbali, mizere yapakati ikadalipo yambiri.

"Amwene, tayala ili ndi labodza. Ndagula mu Januwale momwemu."

Ndinaika geji pa lakutsogolo, limene linali lisanaphulike. Silinafike ngakhale theka la mpweya wolembedwa pa njingayo. Iye anati amachepetsa dala kuti njinga izigwira msewu kukagwa mvula komanso kuti maenje asamamupweteke msana. Ndinamuuza kuti tayala lopanda mpweya wokwanira limapindika m'mbali nthawi iliyonse likazungulira, kupindikako kumatenthetsa ulusi wa m'kati, ulusi n'kulekana ndi mpira. Pa njinga yake zimatenga miyezi. Pa njinga ya MotoGP, imene Binder anaithamangitsapo makilomita 366.1 pa ola ku Mugello mu 2023, ndi nkhani ya mphindi. Mu Febuluwale 2016, Michelin itangobwerera kumene, tayala lakumbuyo la Loris Baz linaphulika pa liwiro loopsa pa msewu wowongoka wa ku Sepang, ndipo kampaniyo inakweza mulingo wa mpweya nthawi yomweyo. Matimu ukawalekerera amatsitsa mpweya mpaka pamene tayala lingathere, chifukwa lofewa limagwira bwino phula. Mnyamata wa ku Mangochi uja ndi mainjiniya a mamiliyoni aja maganizo awo ndi amodzi.

Tsiku lomwelo ndinakangana pang'ono ndi madala ena a BMW yaikulu amene amapita ku Durban ndi mayi akunyumba. Ndinawapopera monga buku la njingayo likunenera pa anthu awiri ndi katundu, tayala lili lozizira. Iwo anati akafika ku Harrismith akayezanso pa filingi siteshoni, ukakwera akautulutsa. Ndinawachonderera kuti asayerekeze. Tayala loti layenda makilomita mazana awiri ndi kuposa limaonetsa mpweya wokwera, ndipo ndi mmene liyenera kukhalira. Ukautulutsa likutentha, mawa m'mawa ulipeza lili lofooka. Ndinawauzanso kuti akayeze m'mawa akakafika kunyanja. Johannesburg ili pamwamba, mamita pafupifupi 1,750, kumene mpweya wakunja ndi wopepuka. Tayala lomwelo ukatsika nalo ku Durban geji imaonetsa kuchepa ndi pafupifupi 0.2 bar popanda kuboola paliponse. Anandiyang'ana ngati ndikuwanamiza, koma mayi aja analemba pa foni.

Lachitatu mkangano unasamukira kwa Márquez. Mnzanga wachinyamata amene amagwira za mabuleki ndi maunyolo amamupembedza. Anakumbutsa za ku Buriram ku Thailand pa 2 Malichi, pamene Marc anali kutsogolera bwinobwino, mwadzidzidzi n'kubweza moto pa ulendo wa 7, mng'ono wake Álex n'kumudutsa. Tonse tinkayesa njinga yafa. Chonsecho munthuyo anaona chenjezo pa kagalasi ka njinga kuti mpweya uli pansi, ndiye anakabisala kumbuyo kwa mng'ono wakeyo kuti tayala litenthe. Atawerenga kuti maulendo akwana, anamudutsa kumapeto n'kupambana. Phunzirolo analilipira ku Assen mu 2024, kumene anakodola Fabio Di Giannantonio kuti adutse pa chifukwa chomwechi, komabe mpweya unaperewera ndi 0.01 bar pa ulendo umodzi. Masekondi 16 anamuchotsa pa nambala 4 n'kumuika pa 10.

Nzeru zake sindikana. Kuwerenga masamu mutu uli m'chipewa pa liwiro limenelo si za munthu wamba. Koma ine kuona katswiri akubweza moto dala kuti apeze womutenthetsera tayala sikundisangalatsa, chifukwa umenewo si mpikisano umene ndinayamba kuukonda. Ndipo mlandu sindiuika pa lamulo kapena pa Michelin pokha. Ndimauika pa mapiko amene anamera pa njingazi ndi pa zipangizo zotsitsa njinga potuluka pakona. Zonsezi zimakanikiza tayala lakutsogolo pa phula, zimalola okwera kuchedwa kufinya buleki, ndipo zimasokoneza mphepo kwa amene ali kumbuyo. Katundu amene tayalalo likusenza lero si amene linapangidwira. Kuyeza mpweya ndi kuthira mankhwala pa chilonda, chobaya chikadali m'kati.

Abwana atayambiranso zoti lamuloli limadana ndi KTM, ndinawakumbutsa za ku Valencia mu 2023. Di Giannantonio anamaliza wachiwiri, anamuwonjezera masekondi atatu pa mlandu womwewu, ndipo amene anakwera kukhala wachitatu anali Binder. Tsiku limenelo abwana anagula nyama yowotcha. Anangoti, "Zimenezo zinali zina," n'kulowa mu ofesi.

Masana kunabwera kasitomala wathu wa Yamaha R6 amene amakathamanga ku Zwartkops, kufupi ndi Pretoria, masiku amene bwalolo amalitsegulira anthu wamba. Anabweretsa tayala lakumbuyo lotha mbali imodzi, mpira wake utanyotsokanyotsoka mozama. Ntchito yowerenga tayala ndi imene ndimaikonda koposa. Kunyotsoka kozama kotere kumabwera pamene kunja kwa tayala kwatentha m'kati mukadali mozizira, kawirikawiri chifukwa mpweya wachuluka kapena munthu watsegula moto tayala lisanafunde. Iye amapopa mpweya wa pa msewu n'kukalowa nawo m'bwalo, komanso zofunda zamagetsi zotenthetsera matayala amazivula msanga n'kumacheza. Tayala silibisa khalidwe la dzanja lamanja la mwini wake.

Apa ndi pamene pali kusamala matayala kwenikweni, kumene ndimafuna tizikangana Lolemba m'malo mwa za geji. Taonani za ku Phillip Island mu Okutobala 2023. Bwalo lija makona ake ambiri ndi akumanzere, aatali ndi othamanga, moti Michelin imabweretsa matayala olimba mbali yakumanzere kuposa yakumanja. Jorge Martín anasankha lakumbuyo lofewa, anzake ambiri atasankha lapakati. Anathawa, mpata n'kupitirira masekondi atatu. Wosadziwa ankati watha nawo. Koma tayala lofewa ndi ngongole, ndipo inamupeza pa ulendo wotsiriza: anthu anayi anamudutsa, Johann Zarco n'kupambana koyamba mu MotoGP, Martín wachisanu. Palibe woweruza anamulanga, anasankha yekha. N'chimodzimodzi Binder ku Red Bull Ring ku Austria mu Ogasiti 2021, koma iye zinamukomera. Mvula itagwa kutatsala maulendo ochepa, otsogola analowa kukasintha njinga za matayala a mvula, iye n'kukhalabe pa matayala osalala opanda mizere. Matayala anazizira, mabuleki a kaboni anazizira n'kusiya kugwira, njinga imangoseseleka, koma anafika woyamba. Chisankho chinali chake ndipo tonse tinachiona ndi maso nthawi yomweyo, osati kudikira pepala la oweruza anthu atatsika kale pa nsanja. Ngati chilango chiyenera kukhalapo, bwanji osamuuza munthu mpikisano uli m'kati, monga amachitira ndi wodumpha malire a bwalo, kuti oonerafe tidziwe amene akutsogoladi?

Za Martín wa chaka chino tinangozikamba motsitsa mawu. Katswiri wa 2024, atasamukira ku Aprilia, Qatar unali mpikisano wake woyamba atachira kuvulala kwa kumayambiriro kwa chaka. Anagwa, njinga ya Di Giannantonio n'kumugunda, nthiti kuthyoka, phapo kuvulala. Pamenepo panalibe zoti uyu amakonda KTM, uyu amakonda Ducati ya Márquez.

Lachinayi kunalibe nthawi yokangana. Njinga zinafola mpaka panja. Wina anabwera ndi matayala amene anagula motchipa pa intaneti kuti ndingomuikira, ndipo nditayang'ana manambala anayi a m'mbali, osonyeza sabata ndi chaka chimene tayala linapangidwa, ndinapeza kuti ndi a 2017. Mizere yatsopano, mpira wouma gwa. Ndinakana kuwaika pa njinga yopita ku Durban, abwana anandiikira kumbuyo, munthuyo ananyamuka akung'ung'udza. Kompuresa inalira osapuma mpaka mdima.

Potseka, mnzanga wa mabuleki uja anafunsa ngati zonsezi zidzathe mu 2027, pamene Pirelli idzalowe m'malo mwa Michelin, injini zidzatsike kuchoka pa 1000cc kufika pa 850cc, mapiko adzachepetsedwe ndipo zotsitsa njinga zija zidzaletsedwe. Ndikuganiza kuti kuchotsa zipangizozo kudzathandiza kuposa kusintha dzina la pa tayala. Pirelli ili kale mu Moto2 ndi Moto3, magulu a njinga zocheperako, kuyambira 2024, koma njinga zimenezo sizizunza tayala lakutsogolo ngati zazikuluzi. Pakadali pano tikudikira mpikisano wa pa 27 Epulo 2025 ku Jerez ku Spain, bwalo lopapatiza lovuta kudutsana, kumene wotsekeredwa m'gulu tayala limamupsera msanga. Abwana akuti Viñales akabwezera. Ine ndikufuna ndione kuti a kugalaja kwake ulendo uno amupopera ngati munthu wa m'gulu kapena ngati wotsogola. Shopu titsegulanso Lachiwiri, ndipo theka la amene apita ku Durban abwera ndi misomali m'matayala.